Womanga Timamumangira

Chaka chimene chimanga chinaumira m'munda chisanamasule, sukulu yathu ya ku Kalembo inauzidwa kuti itumize aphunzitsi awiri ku maphunziro a sabata imodzi ku Ulongwe. Akuti kukubwera matabuleti ophunzirira ana, ndipo zida zotere sangazisiye m'manja mwa anthu osadziwa pogwira. Ahedi anasankha ine, chifukwa ndinali ndi foni ya tachi komanso pakamwa sindichedwa. Mnzanga wopita naye anali bambo wina wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti a Sitandade 5, poti kalasi imeneyo anakhalitsa nayo ngati munda wa makolo.

Kwawo kunali ku Ntaja. Anali Msilamu, wamtali, wa kofia yoyera, wosakweza mawu ngakhale ana atasokosa bwanji. Ana a sukulu amatchula mphunzitsi wamwamuna kuti sala, ndipo m'Chiyao sala ndi njala. Ndiye iwo ankakonda kunena kuti, "Ana awa akati sala m'mawa, sindidziwa ngati akulonjera ine kapena akundiuza chimene chawagwira." Tinkaseka, koma chaka chimenecho nthabwalayo inayamba kuwawa. Theka la kalasi linkabwera litangodya mango osakhwima owiritsa, ena osabwera n'komwe. Kunyumba kwa a Sitandade 5 anthu anali atachuluka. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kufupi ndi nyanja ya Chiuta, anali atabwerera ndi ana ake chifukwa madzi anaphwera kutali ndipo mwamuna wake anapita kukasaka ganyu osabwerera. Ine zanga zinali zopepukirako. Ndinkakhala ndi mng'ono wanga yekha, ndipo bambo a kunyumba anali ku Joni, ankatumiza kangachepe.

Maphunziro ankachitikira mu holo ya aphunzitsi, ya malata opanda siling'i. Mvula inali isanagwe ndipo dzuwa linali kuswa mtengo. Wotiphunzitsa anali mnyamata wochokera ku Zomba, wa laputopu ndi nsapato zoyera, wokonda ntchito yake moti thukuta sankalimva. Tinkayembekezera kuti atipatsa matabuleti tsiku loyamba, koma anatipatsa choko ndi makadi. Anati tisanagwire chida, tiyambe taphunzira kulankhula nacho.

"Kompyuta ndi chitsiru chomvera," anatero. "Imachita chokhacho chimene mwaiuza, m'ndondomeko imene mwaiuzira. Siidziwa kuti mumafuna kunena chiyani. Mukalakwitsa lamulo limodzi, imalakwa nanu limodzi mokhulupirika. Cholakwika chotere timachitcha kachilombo, ndipo ntchito yanu ndi kukapeza n'kukachotsa."

Wina kumbuyo anati chaka chino ngakhale nankafumbwe wasowa pogwira, mwina n'chifukwa chake tizilombo tasamukira m'makompyuta. Mnyamata uja anaseka nafe, kenaka anatigawa awiriawiri kuti tisewere roboti. Mmodzi ankakhala roboti, wina wolamula. Roboti inkadziwa malamulo okhawo olembedwa pa makadi: pitani kutsogolo, khoterani kumanja, khoterani kumanzere, tolani, khalani pansi, ndi bwerezani mpaka mufike. Ine kulamula munthu wa msinkhu wa bambo anga kunkandilemera lilime. Ndinkayamba ndi "pepani abambo, mwina mungasunthe pang'ono," ndipo iwo ankangoima njo, maso kutsogolo, mpaka nditanena lamulo monga lalembedwera. Uroboti ankautha kuposa tonse.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mayi amene ankayang'anira maphunzirowo anaima kutsogolo n'kutiuza lamulo la chakudya. Anati kumene anachokera sabata yapitayo aphunzitsi ankabisa mpunga m'zikwama kuti akapatse ana kunyumba, masana n'kumawodzera, ndipo wina anakomoka pakati pa phunziro. Choncho chakudya chidyedwe pomwepo, mbale ibwerere yopanda kanthu, palibe chotuluka pa geti.

"Koma tikudziwa kuti kuno kuli abale athu Achisilamu," anatero. "Womanga timamumangira. Mungouza amayi ogawa chakudya, akuikirani m'jumbo mukamasulire madzulo."

Kwa amene sadziwa malankhulidwe a kwathu kuno, kumanga ndi kusala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Sunali mwezi wa Ramazani, koma Lolemba limenelo anthu angapo anati amanga, a Sitandade 5 ali m'gulu lomwelo. Jumbo lawo la mpunga ndi nyemba analimangirira pa handulo ya njinga, ndipo ine sindinaganize kanthu. Lachiwiri anamanga okha. Ndinadya mpunga wanga pambali pawo, nkumati bamboyu ndi wopemphera zedi.

Zinthu zinavuta Lachitatu. Tinkaphunzira malamulo a nthambi ziwiri, akuti ngati chakuti chachitika, chitani chakuti, apo ayi chitani china. Wotiphunzitsa uja, pofuna chitsanzo chapafupi, analemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu: NGATI munthu wamanga, mumangireni chakudya. APO AYI, adyere pompano. Kenaka anatembenuka, maso akuwala, n'kufunsa ngati wina angapezemo kachilombo.

Panali mphunzitsi wina wachinyamata wa sukulu ya kufupi ndi msewu, wanzeru ndithu, wa mtundu uja wokweza dzanja funso lisanathe. Iye anaimirira.

"Kachilombo kalipo, sala. Lamuloli likukhulupirira pakamwa pa munthu. Aliyense atha kungoti ndamanga, jumbo n'kutuluka."

"Mwalasa," anatero wotiphunzitsa. "Kompyuta imameza chilichonse mwaipatsa. Ndiye tingalikonze bwanji?"

"Tiwonjezere kuti iziona tsiku. Ine ndakulira pakati pa Asilamu. Kunja kwa Ramazani anthu amamanga Lolemba ndi Lachinayi. Lero ndi Lachitatu."

Sanatchule munthu, koma mu holo monse munali munthu mmodzi yekha amene anali atauza kale ogawa chakudya kuti wamanga. Ndinamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Mayi woyang'anira uja, amene anali kumbuyo akulemba zake, anadzutsa mutu. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo ndinali nditadzuka kale theka kuti ndimufunse mnyamatayo ngati anabwera kudzaphunzira kompyuta kapena kudzalondera mimba za akuluakulu. A Sitandade 5 anandigwira mkono mofatsa n'kundikhazika pansi.

"Mwanena zoona, mwana wanga," anatero osaimirira. "Lolemba ndi Lachinayi ndi masiku okondedwa. Koma Mulungu sanatseke khomo Lachitatu. Wofuna kumanga amamanga."

Ena anaseka pang'ono kuti mpweya ubwerere, ndipo wotiphunzitsa anafufuta pa bolodi mofulumira, atazindikira mochedwa kuti chitsanzo chake chili ndi mwini wake. Koma mayi woyang'anira anaimirira n'kunena, mosakalipa, kuti iwo salimbana ndi chipembedzo cha munthu, kungoti akaona wina wafooka m'kalasi amutengera ku chipatala, ndipo zomangira chakudya zithera pomwepo kwa aliyense. Ponena zimenezi maso awo anali pa kofia yoyera ija.

Masana amenewo ndinawapeza kuseri kwa holo, atakhala pa njerwa, atatsamira khoma. Milomo inali itachita mamba. Ndinali ndi botolo langa la madzi.

"Abambo, jumbo lija amadya ndani?"

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adzukulu. Mayi awo amathiramo madzi n'kuwiritsanso kuti likwanire onse."

"Nanga inu mumamasulira chiyani?"

"Zimene zilipo, madamu. Mango sanathe."

Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinatsegula botolo n'kuwapatsa. "Imwani msanga. Palibe akuona. Chakudya musadye, ndamva, koma madzi okha. Mupalasa bwanji njinga mpaka ku Kalembo pa dzuwa ili?"

"Iyayi, madamu."

"Ndani adziwe?"

"Ine ndidziwa." Anakankha botolo ndi chala chimodzi. "Ndikadzuka m'bandakucha ndimachita niya, ndimauza Mulungu kuti lero ndamanga. Ndikafika pa mzere paja n'kunena kuti ndamanga, ndimanena zoona. Ndikamwa madzi anuwa, mawu aja asanduka bodza, ndipo jumbo lija likhala lakuba. Adzukulu anga ndisawadyetse zakuba."

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira mnyamata wokweza dzanja uja, ndinakwiyira lamulo lokoma mtima limene linasiya kakhomo kamodzi kokha, kopapatiza chonchi. Ndinawauza kuti Mulungu amene ndimamudziwa ine sangawerengere munthu madzi a m'botolo chaka cha njala. Iwo anati mwina ndi choncho, koma sanafune kukayesa. Tsiku limenelo tinabwerera limodzi, ine kumbuyo, maso anga ali pa tayala lawo kuona ngati likuyenda mowongoka.

Lachinayi linadutsa mwa chisomo. Linali tsiku lomanga anthu ambiri, choncho palibe anawayang'anitsitsa. Tinagwira matabuleti koyamba, n'kumayendetsa kakamba kojambulidwa ndi malamulo omwe aja a pa makadi. A Sitandade 5 anakafikitsa pa khomo lake ulendo woyamba.

Lachisanu linali lomaliza. Awiri aliwonse ankayenera kuonetsa phunziro limene akaphunzitse ana kusukulu kwawo, ndipo chakudya chinali choti chigawidwe onse akatha, kuti anthu asathawe. Pabwalo panali patalembedwa mabokosi ndi phulusa. Kumapeto kwake anaikako ndowa ya madzi ndi kapu. Wolamula ankayenera kuyendetsa roboti mpaka pa ndowa, itunge madzi, ibwere nawo. Ndinawapempha a Sitandade 5 kuti tisinthane, ine ndikhale roboti, iwo alamule ali pa mthunzi.

"Lilime lauma, madamu," ananong'ona. "Wolamula amalankhula kwambiri. Roboti siyankhula."

Mwatsoka dzina la sukulu yathu linaitanidwa cha kumapeto, anthu atabwerako kale ku mzikiti, dzuwa litangopendeka pang'ono. A Sitandade 5 anali atayenda wapansi kupita kumeneko ndi kubwera. Anaima pa bokosi loyamba, manja m'mbali, kofia ili mbee. Mayi woyang'anira anakokera mpando wawo kutsogolo. Ndinadziwa kuti akagwa pamenepa, awanyamula pa galimoto anthu onse akuona, jumbo la tsikulo silituluka, ndipo pofika Lolemba sukulu zonse za kuno zikhala zikukamba za mphunzitsi amene ankanamizira Mulungu chifukwa cha mpunga.

"Pitani kutsogolo. Bwerezani mpaka mufike pa ndowa."

Anayenda bwino, mwauroboti, ndipo anthu anaseka mosangalala. Pa ndowa ndinati tolani. Anawerama kutenga kapu n'kutunga. Powerama paja ndi pamene zinayambira. Podzuka anaima kanthawi, mutu uli pansi, madzi akutayikira pa nsapato. Ndinawakhotetsa kawiri kuti ayang'ane kwa ine, ndipo nkhope imene inandiyang'anayo inali yotuwa ngati phulusa lomwe anapondapo. Phazi lina linaponda kunja kwa mzere. Njira yobwerera inali yowongoka, yopanda mthunzi, ndipo ndinaona kuti saimaliza.

Kumanzere kwawo, kunja kwa mabokosi, kunali mtengo wa mango.

"Khoterani kumanzere," ndinatero.

"Kachilombo," wina anafuula, ena n'kuseka. Wotiphunzitsa anatsegula pakamwa kuti andikonze, koma ndinamuyang'ana mwa mtundu wina ndipo anatseka.

"Pitani kutsogolo. Bwerezani mpaka mufike pa mtengo."

Roboti siifunsa chifukwa. Anatuluka m'mabokosi, akukoka mapazi, kapu ili m'manja. Ndinkayenda pambali pawo ngati ndikuonetsetsa phunziro, pamene ndinkakonzekera kuwawakha. Atalowa mu mthunzi ndinati khalani pansi, ndipo anakhala pa muzu molemera, msana n'kutsamira tsinde. Sanagwe, anakhala molamulidwa, ndipo onse anaona choncho.

Apo ndikanalekera. Koma kapu inali m'manja mwawo, madzi ali nde, pafupi ndi chibwano, ndipo m'mutu mwanga munabwera nzeru imene ndinaiona ngati yochokera kumwamba. Sabata yonse tinkaphunzira kuti roboti ilibe mlandu, imangomvera. Akamwa molamulidwa, wolakwa ndine.

"Imwani," ndinatero.

Amene ankadziwa anadziwa, ndipo mphunzitsi wachinyamata uja anayang'ana pansi. A Sitandade 5 sanandiyang'ane. Maso anali kutsogolo. Ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Kenaka analankhula ndi mawu owuma, odukaduka ngati a makina.

"Lamulo limenelo mulibe mwa ine."

Wotiphunzitsa anadumpha n'kuyamba kuwomba m'manja. Anati taonani, izi ndi zimene wakhala akunena sabata yonse, kompyuta siingachite lamulo limene silili pa makadi ake, ngakhale liwoneke losavuta bwanji. Anati madamu achita dala kusocheretsa roboti kuti ana aone kachilombo, kenaka n'kupereka lamulo lachilendo, phunziro limodzi lokhala ndi mfundo ziwiri. Anthu anawomba m'manja. Mayi woyang'anira anawomba nawo mochedwa, akundiyang'ana. Ine ndinalanda kapu ija n'kukhuthulira madzi pa muzu wa mango, misozi ili pafupi, ndipo sindikudziwa ngati inali ya mkwiyo kapena ya mpumulo.

Anakhala pa mthunzi pomwepo mpaka magulu otsala atatha. Pa mzere wa chakudya anati, "Ndamanga," ndipo anawamangira.

Pobwerera sanathe kupalasa. Tinkakankha njinga m'mphepete mwa msewu, kudutsa amayi okhala pa malo ogulitsira chimanga opanda chimanga, mpaka tinakhotera njira ya fumbi. Dzuwa litalowa, azana yoitanira anthu ku mapemphero inamveka kuchokera pa kamzikiti ka m'mudzi wina. Anaimika njinga, n'kutambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinawapatsa botolo. Anatchula dzina la Mulungu, n'kumwa pang'onopang'ono mpaka kutha.

"Tsegulani jumbolo mutapeko pang'ono," ndinatero.

"Ana amadziwa kukula kwake," anayankha, n'kugwira handulo.

Sabata yotsatira tinabwerera ku sukulu. Matabuleti anali asanafike, ndipo maphunziro a mpunga anali atatha. Lolemba pa buleki ndinatulutsa chinangwa chophika chimene mng'ono wanga anandiikira, n'kuwapatsako. Anati amanga. Linali Lolemba, sindikanawatsutsa. Lachiwiri ndinabwera ndi chambiri, ndipo yankho linali lomwelo. Sindinakangane nawo. Ndinachikulunga m'jumbo n'kukachimangirira pa handulo ya njinga yawo. Atandifunsa ndi maso ndinati, "Lamulo lija, abambo. Womanga timamumangira." Anagwedeza mutu n'kuthokoza, ndipo ine ndinalowa m'kalasi ndikudziona ngati munthu wanzeru.

Nzeruzo zinatha masana omwewo. Ndinawaona akudutsa pa ndowa ya madzi ya aphunzitsi, ataphunzitsa m'mawa wonse pa fumbi la choko, osaiyang'ana n'komwe. Pamenepo ndinamvetsa kuti bamboyu sadzalandira chakudya cha munthu ngati wopempha. Adzachilandira ngati womanga basi, ndipo tsiku lililonse limene ndidzawamangire jumbo ndidzakhala ndikuwamanganso pakhosi. Ana atatuluka ndinawadikira pa njinga.

"Abambo, lamulo lija lili ndi kachilombo."

"Mwakapeza?"

"Ndakapeza, ndipo ndakonza. Mumve bwino, poti inu mumamva malamulo monga alembedwera. Ngati mawa pa buleki mumwa madzi ndi kudya chidutswa chimodzi ine ndikuona, jumbo lipita kwa adzukulu. Apo ayi, ndibwerera nalo kwathu. Ndakuuzani lero kuti m'bandakucha musachite niya."

Nkhope yawo inalimba. Anati sanazolowere kudyetsedwa ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa mwana wawo. Ndinati nanenso sindinazolowere kulamula akuluakulu, koma anandiphunzitsa okha ku Ulongwe. Anakwera njinga osatsanzika, ndipo ndinapita kunyumba ndikuopa kuti ndawononga zonse, kuti mawa angoti ndamanga, ine n'kukakamizika kusankha pakati pa mawu anga ndi ana amene sindinawaonepo.

Lachitatu pa buleki ndinakhala pansi pa mtengo umene aphunzitsi timapumirapo, jumbo lili pa miyendo, kapu ya madzi ili pambali. Anzathu ena anali chapatali, akukamba za mitambo. A Sitandade 5 anatuluka m'kalasi mochedwa, akukuntha choko m'manja. Anaima patsogolo panga nthawi yaitali moti ndinayamba kumva belu lisanalire.

"Madamu, ndinu munthu wankhanza," anatero.

"Ndine amene. Mwamanga?"

Anakhala pansi pa benchi, anatenga kapu ija, n'kutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Atamwa anasankha chidutswa cha chinangwa chaching'ono kuposa zonse, ndipo ndinachibweza m'jumbo n'kuwapatsa chachikulu.